Fodya ndi Khansa ya Chithokomiro: Zimene Muyenera Kudziwa

Mwina munamvapo anthu akunena kuti osuta fodya sadwaladwala khansa ya chithokomiro. Mwina amene anakuuzani ndi m'bale wanu wosuta, ndipo ananena zimenezi pofuna kukutsimikizirani kuti fodya si woipa monga mmene achipatala amanenera. Nkhaniyi si yongopeka. Ili ndi kumene inachokera, ndipo madokotala amaidziwa. Vuto n'lakuti ikangofotokozedwa mbali imodzi ingachititse munthu kupitiriza kusuta, kapena kunyalanyaza chotupa cha pakhosi chimene chikufunika kupimidwa msanga. Tsamba lino likufotokoza nkhani yonse, kuti inu kapena wodwala amene mukumusamalira musankhe zochita mukudziwa zoona zake.

Mfundo zikuluzikulu

- Kafukufuku wosiyanasiyana wapeza kuti anthu amene akusuta fodya amapezeka ndi khansa ya chithokomiro mocheperako poyerekeza ndi amene sanasutepo.
- Zimenezi sizitanthauza kuti fodya ndi mankhwala oteteza. Palibe bungwe la zaumoyo limene limalangiza munthu kusuta pofuna kupewa khansa iliyonse.
- Fodya amavulaza chithokomiro m'njira zina: amachitsekereza kulandira ayodini, amachitupitsa, ndiponso amakulitsa matenda a Graves ndi vuto la maso limene limadza nawo.
- Chotupa cha pakhosi, kusasa mawu kwa nthawi yaitali kapena kuvutika kumeza n'zofunika kupimitsa, kaya mumasuta kaya ayi.
- Kusiya fodya n'kopindulitsa pa msinkhu uliwonse, ngakhale mutapezeka kale ndi matenda.

Kodi chithokomiro n'chiyani?

Pocheza, anthu ambiri akati "chithokomiro" amatanthauza kutupa kwa pakhosi. Achipatala amagwiritsa ntchito mawu omwewo ponena kachiwalo kamene munthu aliyense amabadwa nako. Kachiwaloka kali kutsogolo kwa khosi, m'munsi pang'ono mwa kholingo, ndipo kamaoneka ngati gulugufe wotambasula mapiko. Kakakhala bwinobwino sikaonekera, ndipo n'kovuta kukamva ndi zala.

Ntchito ya chithokomiro ndi kupanga mahomoni awiri otchedwa T4 ndi T3. Mahomoniwa amayenda ndi magazi n'kumawongolera liwiro limene thupi limagwirira ntchito: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kagayidwe ka chakudya, msambo, ndiponso kakulidwe ka ubongo wa mwana, kuyambira ali m'mimba. Kuti chipange mahomoni amenewa, chithokomiro chimafunika ayodini, amene ambiri a ife timamupeza mumchere wothiridwa ayodini, nsomba za m'nyanja zamchere, mazira ndi mkaka.

Chithokomiro sichidzilamulira chokha. Kachiwalo kena kam'munsi mwa ubongo, kotchedwa pituitary, kamatumiza homoni ya TSH imene imachiuza kuchuluka kwa mahomoni ofunika. TSH ikachuluka, chithokomiro chimagwira ntchito kwambiri ndipo chimakula. Ikumbukireni mfundo imeneyi, chifukwa tiibwereranso.

Khansa ya chithokomiro

Khansa imayamba pamene maselo ena ayamba kuchulukana mosalamulirika. M'chithokomiro muli mitundu inayi ikuluikulu ya khansa. Yofala kwambiri ndi ya papillary, imene imapezeka mwa odwala pafupifupi 8 mwa 10 alionse. Imakula pang'onopang'ono ndipo kawirikawiri imachizika. Yachiwiri ndi ya follicular, imene imachuluka m'madera amene anthu sapeza ayodini wokwanira, ndipo m'zipatala zambiri za mu Africa yakhala ikupezeka kwambiri kusiyana ndi ku Ulaya kapena ku America. Yachitatu ndi ya medullary, imene nthawi zina imayenda m'magazi a banja. Yachinayi ndi ya anaplastic. Imeneyi ndi yosowa, imagwira makamaka okalamba, ndipo imakula mofulumira kwambiri.

Bungwe la IARC, limene ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linawerengera kuti m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 821,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa ya chithokomiro, ndipo pafupifupi 47,500 anamwalira nayo. Mwa odwala anayi alionse, atatu ndi akazi. Ziwerengerozi zikusonyeza kuti ambiri amene amapezeka ndi khansayi amakhalabe ndi moyo, makamaka ikadziwika isanafalikire.

Kodi ofufuza anapeza chiyani pa nkhani ya fodya?

M'chaka cha 2003, ofufuza anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 14 wochitika ku America, ku Ulaya ndi ku Asia. Anapeza kuti anthu amene ankasuta pa nthawiyo ankapezeka ndi khansa ya chithokomiro mocheperako ndi pafupifupi 40 peresenti poyerekeza ndi amene sanasutepo. M'chaka cha 2012, gulu lina linaphatikiza kafukufuku asanu wa ku United States, amene ankatsatira anthu kwa zaka zambiri, ndipo linapeza kusiyana kwa pafupifupi 32 peresenti. Kenako m'chaka cha 2014, ofufuza a ku South Korea anaunika kafukufuku 31 ndipo anapeza kusiyana kwa pafupifupi 21 peresenti pakati pa amene anasutapo ndi amene sanasutepo. Kusiyanaku kumaoneka kwambiri mwa amene akusutabe, ndipo kumachepa kapena kutheratu mwa amene anasiya.

Choncho amene anakuuzani nkhaniyi sananame. Bungwe la IARC nalonso siliika khansa ya chithokomiro m'gulu la khansa zoyambitsidwa ndi fodya. Funso lofunika n'lakuti: n'chifukwa chiyani ziwerengero zikuoneka chonchi, nanga zikutanthauza chiyani pa moyo wanu?

N'chifukwa chiyani ziwerengero zikuoneka chonchi?

Choyamba muyenera kudziwa mtundu wa kafukufuku ameneyu. Ofufuza sanauze anthu ena kuti azisuta ndipo ena asamasute, chifukwa kutero kungakhale kupha anthu mwadala. Iwo anangowerenga zimene zinachitikira anthu amene anasankha okha. Kafukufuku wotere amasonyeza kuti zinthu ziwiri zimapezekera pamodzi, koma payekha satsimikizira kuti chimodzi ndicho chikuchititsa chinzake. Akatswiri apereka zifukwa zinayi zimene zingachititse kusiyanaku.

Chifukwa choyamba ndi TSH. Anthu osuta amakhala ndi TSH yocheperako pang'ono m'magazi, chifukwa utsi wa fodya umasokoneza mgwirizano wa ubongo ndi chithokomiro. Popeza TSH ndiyo imakulitsa maselo a chithokomiro, ofufuza akuganiza kuti ikachepa, timaselo ta khansa timachedwa kukula. Dziwani kuti chimenechi si chizindikiro cha thanzi. Ndi umboni wakuti fodya wafika m'chithokomiro ndipo wasintha kagwiridwe kake ka ntchito.

Chachiwiri ndi kulemera kwa thupi. Kunenepa kwambiri kumawonjezera chiopsezo cha khansa ya chithokomiro, ndipo osuta ambiri amakhala ochepa thupi chifukwa chikonga cha m'fodya chimachepetsa chilakolako cha chakudya.

Chachitatu ndi homoni ya estrogen. Khansayi imagwira kwambiri akazi, makamaka pa zaka zobereka, ndipo fodya amafooketsa mphamvu ya estrogen m'thupi. Koma kufooka komweko n'kumene kumachititsa akazi osuta kusiya kusamba msanga, kuvutika kutenga pakati ndi kukhala ndi mafupa osalimba akamakula.

Chachinayi ndi kapimidwe. Anthu ambiri amakhala ndi tikhansa ting'onoting'ono ta papillary timene sitiwavutitsa moyo wawo wonse, ndipo timangodziwika ngati khosi launikidwa ndi makina. Zimene zinachitika ku South Korea zimaonetsa bwino mfundo imeneyi. Kuyambira m'chaka cha 1999, boma la kumeneko linakhazikitsa ndondomeko yopima khansa zosiyanasiyana, ndipo zipatala zambiri zinayamba kuunikanso chithokomiro pa mtengo wotsika. Pofika m'chaka cha 2011, chiwerengero cha opezeka ndi khansa ya chithokomiro chinali chitawirikiza ka 15 poyerekeza ndi cha m'chaka cha 1993, koma chiwerengero cha omwalira nayo sichinasinthe. Khansa sinachuluke; chimene chinachuluka ndi kuunika. Msodzi wa ukonde wa maso aang'ono amakola nsomba zambiri kuposa mnzake wa ukonde wa maso aakulu, ngakhale onse ali pa nyanja imodzi. Ngati osasuta ndi amene amakonda kupita kukapimitsa asanadwale, ndiye kuti adzapezeka ndi khansayi kwambiri, ngakhale kuti m'makosi mwa osuta nayonso ilimo.

Kodi ndiye kuti fodya amateteza?

Ayi. Ngakhale titavomereza kuti fodya amachepetsadi pang'ono khansa ya chithokomiro, tiyenera kuyerekeza phindu limenelo ndi mtengo wake. Bungwe la World Health Organization limanena kuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, kuphatikizapo oposa 1 miliyoni amene sasuta koma amapuma utsi wa anzawo. Tikagawa chiwerengerochi ndi masiku a pa chaka, tipeza kuti anthu amene fodya amapha m'masiku atatu okha ndi ambiri kuposa amene khansa ya chithokomiro imapha chaka chathunthu. Fodya amapha mpaka theka la anthu amene amamugwiritsa ntchito osasiya, ndipo munthu wosuta moyo wake wonse amataya zaka pafupifupi 10.

Mu utsi wa fodya muli tizinthu toposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa timeneti n'todziwika kuti timayambitsa khansa. Fodya amayambitsa khansa ya m'mapapo, m'kamwa, pakholingo, kummero, m'mimba, m'matumbo, m'chiwindi, m'kapamba, mu impso, m'chikhodzodzo, ya khomo la chiberekero ndi mtundu wina wa khansa ya m'magazi. Khansa ya m'mapapo yokha inapha anthu pafupifupi 1.8 miliyoni m'chaka cha 2022. Ziwiri mwa khansa zimenezi zimatikhudza kwambiri m'chigawo chathu. Maiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, makamaka Malawi, ali m'gulu la maiko amene khansa ya kummero ndi ya khomo la chiberekero zili zofala kwambiri padziko lonse. Fodya amawonjezeranso chiopsezo cha chifuwa chachikulu, matenda a mtima ndi kufa ziwalo.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusuta pofuna kupewa khansa imene kawirikawiri imachizika ndi kudziitanira khansa zina zambiri zimene kuchiza kwake n'kovuta. Fodya wa mphuno ndi woika m'kamwa nayenso si pothawira, chifukwa amayambitsa khansa ya m'kamwa, ya kummero ndi ya kapamba. Chingambwe chopichira papepala, kaliwo ndi shisha n'zoopsa monga ndudu za m'sitolo.

Mmene fodya amavulazira chithokomiro

Utsi wa fodya uli ndi poizoni wa cyanide, amene thupi limamusandutsa thiocyanate. Thiocyanate amalimbirana khomo ndi ayodini polowa m'chithokomiro. Ayodini akamalephera kulowa mokwanira, chithokomiro chimayesetsa kudzikulitsa kuti chikole wochepa amene alipo, ndipo khosi limatupa. N'chifukwa chake kutupa kwa chithokomiro ndi timibulu ta m'kati mwake zimapezeka kwambiri mwa osuta, makamaka kumene ayodini ndi wosowa.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife pa chifukwa china. Chinangwa chowawa chimene sichinaviikidwe ndi kuyanikidwa mokwanira nachonso chimasiya thiocyanate m'thupi. Ofufuza anaona zimenezi m'dera la Ubangi, kumpoto kwa Democratic Republic of Congo, kumene kusowa kwa ayodini pamodzi ndi kudya chinangwa chosakonzedwa bwino kunachititsa kuti anthu ochuluka atupe makosi. Chinangwa chokonzedwa bwino ndi chakudya chabwino, ndipo palibe chifukwa chosiyira kondowole. Koma munthu amene akusuta, akudya chinangwa chofulumizitsidwa, ndiponso akugwiritsa ntchito mchere wopanda ayodini, akupanikiza chithokomiro chake mbali zitatu.

Amayi oyamwitsa ayenera kusamala kwambiri. Khomo limene ayodini amalowera m'chithokomiro lilinso m'mabere. Kafukufuku wa ku Denmark wa m'chaka cha 2004 anapeza kuti mkaka wa amayi osuta unali ndi ayodini pafupifupi theka la wa amayi osasuta. Khanda limadalira ayodini ameneyu kuti ubongo wake ukule bwino. Njira yothetsera vutoli ndi kusiya fodya, osati kusiya kuyamwitsa.

Vuto lina ndi matenda a Graves. Pa matenda amenewa, chitetezo cha m'thupi chimatokosa chithokomiro kuti chizipanga mahomoni opyola muyezo. Wodwala amawonda ngakhale akudya bwino, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, amatuluka thukuta kwambiri ndipo amasowa tulo. Osuta amadwala matendawa kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa osasuta. Odwala ena amatupa minofu ya kuseri kwa maso, moti maso amatong'oka, amafiira, amaona zinthu ziwiriziwiri, ndipo nthawi zina amasiya kuona. Pa vuto la masoli, fodya ndiye chinthu chachikulu chimene wodwala angathe kuchipewa. Kafukufuku wa ku Netherlands wa m'chaka cha 1993 anapeza kuti chiopsezo chake chinali chowirikiza pafupifupi ka 8 mwa osuta. Mankhwala a masowo sagwiranso bwino ntchito mwa munthu amene akupitiriza kusuta.

Zimene zimawonjezeradi chiopsezo cha khansa ya chithokomiro

- Cheza champhamvu, chimene madokotala amati radiation, chikafika pakhosi munthu ali mwana. Ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl m'chaka cha 1986 itachitika, ana masauzande a ku Ukraine, Belarus ndi Russia anadzadwala khansayi. Cheza cha X-ray wamba n'chochepa kwambiri, choncho musakane kujambulidwa dokotala akaona kuti n'kofunika.
- Kukhala ndi kholo, mwana kapena m'bale wa bere limodzi amene anadwalapo khansayi, makamaka ya medullary.
- Kukhala wamkazi. Komabe amuna nawonso amadwala, ndipo mwa iwo nthawi zambiri imakhala yovutirapo.
- Kunenepa kwambiri.
- Kusowa ayodini kwa zaka zambiri, kumene kumayendera limodzi ndi khansa ya follicular.

Zina mwa zimenezi simungazisinthe. Zimene mungathe ndi kugula mchere wolembedwa kuti uli ndi ayodini, kuusunga m'chiwiya chotseka kutali ndi moto ndi chinyontho, kuuthira mosapyola muyezo, kukonza bwino chinangwa, kugwiritsa ntchito thupi, ndi kuuza achipatala ngati matendawa alipo kumtundu kwanu.

Zizindikiro zofunika kupita nazo kuchipatala

- Chotupa kapena kambulu kutsogolo kwa khosi, makamaka kolimba kapena kamene kakukula.
- Chotupa chakale chimene chayamba kukula mofulumira kapena kupweteka.
- Mwanabere wa m'khosi amene sakuphwa.
- Kusasa mawu kopitirira milungu itatu.
- Kuvutika kumeza, kapena kumva ngati chakudya chikuima pakhosi.
- Kubanika kapena kupuma kwa phokoso. Chizindikiro ichi n'chofunika thandizo tsiku lomwelo.

Ngati mumasuta, pali msampha umene muyenera kuupewa. Osuta ambiri akasasa mawu kapena akamatsokomola amangoti, "Ndi fodya chabe," ndipo amadikira. Ena akamva kuti osuta sadwaladwala khansa ya chithokomiro amaganiza kuti chotupa chawo sichingakhale choopsa. Kuganiza kumeneku n'kolakwika pa zifukwa ziwiri. Choyamba, osuta nawonso amadwala khansa ya chithokomiro. "Mocheperako" sikutanthauza "ayi". Chachiwiri, mwa munthu wosuta zizindikiro zomwezi zingakhale za khansa ya pakholingo, ya kummero kapena ya m'mapapo, kapenanso chifuwa chachikulu cha m'mwanabere. Wosuta ali ndi zifukwa zambiri zofulumirira kuchipatala kuposa wosasuta.

Musatemere mphini pachotupa, musachiboole, ndipo musachithowe ndi zinthu zotentha. Zimenezi sizichotsa chotupa. Zimangobweretsa zilonda ndi kutayitsa nthawi.

Kodi kuchipatala kukachitika zotani?

Wachipatala adzakufunsani za mmene vutoli linayambira, za matenda a kumtundu kwanu ndi za fodya. Yankhani moona, osachita manyazi: mtundu wa fodya, kuchuluka kwake pa tsiku ndi zaka zimene mwasuta. Adzakugwirani pakhosi ndi kukuuzani kuti mumeze malovu, chifukwa chotupa cha chithokomiro chimakwera ndi kutsika munthu akamameza. Angakutengeni magazi kuti ayeze TSH. Dziwani kuti anthu ambiri odwala khansa ya chithokomiro magazi awo amaoneka abwinobwino, choncho zotsatira zabwino za magazi sizitanthauza kuti nkhani yatha. Pamafunikanso kuunika khosi ndi makina a ultrasound, ndipo ngati chotupacho chikukayikitsa, amatengako timaselo ndi kasingano kakang'ono kuti akatipime. Pa timibulu 10 tilitonse ta m'chithokomiro, pafupifupi 9 si khansa.

Zipatala zing'onozing'ono zimatumiza odwala otere kuchipatala cha boma kapena ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, Cancer Diseases Hospital ku Lusaka kapena Parirenyatwa ku Harare. Sungani bwino kalata yotumizira ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo funsani tsiku lodzamva zotsatira.

Ngati mwapezeka ndi khansa ya chithokomiro

Chithandizo chachikulu ndi opaleshoni yochotsa mbali imodzi ya chithokomiro kapena chonse. Odwala ena amapatsidwanso mankhwala a ayodini wa cheza, amene amapha maselo otsala. Chithokomiro chikachotsedwa chonse, mudzamwa mapiritsi a levothyroxine tsiku lililonse moyo wanu wonse, m'mawa musanadye, kuti alowe m'malo mwa mahomoni amene chinkapanga.

Ena amafunsa ngati kusiya fodya kuli ndi phindu matenda atapezeka kale. Phindu lilipo, ndipo limayamba msanga. Fodya amachepetsa mpweya wabwino m'magazi, amachedwetsa kupola kwa bala, ndipo amawonjezera mavuto a mapapo ndi mtima pa nthawi ya opaleshoni. Lipoti la World Health Organization la m'chaka cha 2020 linasonyeza kuti amene asiya fodya kutatsala milungu inayi kapena kuposerapo kuti achitidwe opaleshoni amakumana ndi mavuto ocheperapo. Komanso, popeza ambiri amachira ku khansayi n'kukhala zaka zambiri, kungakhale kutaya kwakukulu kupulumuka khansa ya chithokomiro n'kudzafa ndi matenda a fodya.

Kusiya fodya

Thupi limayamba kudzikonza nthawi yomweyo. Pakatha mphindi 20, kugunda kwa mtima kumatsika. Pakatha maola 12, mpweya woipa wa carbon monoxide umachepa m'magazi kufika pa mlingo woyenera. Pakatha chaka, chiopsezo cha matenda a mtima chimakhala pafupifupi theka la cha wosuta, ndipo pakatha zaka 10, cha khansa ya m'mapapo chimatsikanso kufika pafupifupi theka. Amene asiya asanakwanitse zaka 40 amapewa pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a chiopsezo cha kufa ndi fodya, koma ngakhale wa zaka 60 amawonjezera zaka za moyo wake.

- Sankhani tsiku losiya la m'milungu iwiri ikubwerayi, ndipo uzani a m'banja lanu.
- Tayani ndudu, fodya wa mphuno, machesi ndi zonse zokukumbutsani.
- Dziwani nthawi zimene chibaba chimakugwirani, monga mukatha kudya, pamowa kapena pabawo, ndipo konzeranitu chochita. Chibaba chimatha pakapita mphindi zochepa.
- Yembekezani kukwiya msanga, kusowa tulo ndi njala. Zimenezi zimakula m'mlungu woyamba ndipo zimazilala m'milungu yotsatira.
- Funsani achipatala za uphungu ndi mankhwala othandiza, monga zomata pakhungu kapena chingamu cha chikonga, varenicline, bupropion kapena cytisine. Uphungu ukaphatikizidwa ndi mankhwala, mwayi wosiyiratu umawirikiza. Ngati ndinu woyembekezera kapena mukumwa mankhwala ena, musayambe mankhwalawa musanafunse dokotala.
- Mukagwa n'kusutanso, yambiraninso. Ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo.

Pali chinthu chimodzi chokhudza chithokomiro chimene muyenera kuchidziwiratu. Kafukufuku wa ku Denmark wa m'chaka cha 2012 anapeza kuti m'zaka ziwiri zoyambirira munthu atasiya fodya, chiopsezo chakuti chithokomiro chifooke n'kumapanga mahomoni ochepa chimakwera kwa kanthawi. Ngati mwasiya fodya ndipo mukumva kutopa kosatha, kuzizidwa, kudzimbidwa, kuuma khungu kapena kunenepa kwambiri, musathamangire kuyambiranso kusuta. Pemphani kuti akuyezeni TSH. Vutoli limadziwika ndi magazi ndipo limathandizika ndi piritsi limodzi pa tsiku.

Kwa inu amene mukusamalira wodwala

Kukalipa ndi kunyoza sikusiyitsa munthu fodya. Chikonga chimagwira ubongo mwamphamvu, ndipo wosuta amafunika womulimbikitsa. Gwirizanani kuti m'nyumba, m'khitchini ndi m'galimoto musasutidwe fodya, chifukwa kutsegula zenera sikuchotsa utsi wonse. Musatume ana kukagula kapena kukayatsa ndudu. Ngati inuyo mumasuta, kusiyira limodzi ndi wodwalayo kudzakuthandizani nonse awiri. Muperekezeni kuchipatala, muthandizeni kukumbukira masiku obwererako, ndipo onetsetsani kuti mapiritsi asamuthere.

Mafunso amene mungafunse dokotala

- Kodi chotupachi chili m'chithokomiro kapena pena?
- Kodi ndikufunika kuunikidwa kapena kutengedwa timaselo? Kuti, ndipo liti?
- Ngati ndi khansa, ndi ya mtundu wanji, ndipo yafika pati?
- Kodi abale anga akufunika kupimidwa?
- Kodi pachipatala pano pali thandizo lanji losiyira fodya?

Mukadzamvanso wina akunena kuti fodya amateteza ku khansa ya chithokomiro, muuzeni mbali yotsalayo: fodya yemweyo amatupitsa chithokomiro, amawononga maso a odwala Graves, amamana khanda ayodini, ndipo amapha anthu ochuluka kwambiri kuposa khansa imene akuti amaipewetsa. Ngati inu kapena m'bale wanu muli ndi chotupa pakhosi, musadikire kuti chiyambe kupweteka. Pitani kuchipatala chapafupi mlungu uno, ndipo mukafike mutakonzeka kukambirananso za fodya.